Ma question tag a Chingerezi: yambani ndi kupeza mneni

M'Chichewa tili ndi liwu limodzi lokwanira pa chiganizo chilichonse. "Mwadya, eti?" "Mvula igwa, eti?" "Sanabwere, eti?" Kaya nkhaniyo ndi ya dzulo kaya ya mawa, kaya ikukamba za munthu mmodzi kaya gulu, "eti" sasintha, ndipo "si choncho?" ndi chimodzimodzi. Chizolowezi chimenechi timalowa nacho m'Chingerezi, n'kumusandutsa "isn't it?" kukhala "eti" wathu. N'chifukwa chake pa depoti, m'maofesi ngakhale m'kalasi muno mu Mzuzu mumamva munthu akuti, "You are going to Karonga, isn't it?" Wofunsidwayo amamva ndithu zomwe zanenedwa. Koma pa mayeso a MANEB yankho lotere ndi lolakwa, ndipo pa intavyu ya ntchito khutu lozolowera Chingerezi limagwira msanga. Cholondola ndi chakuti, "You are going to Karonga, aren't you?"

Kafunso ka kumapetoka, komwe aphunzitsi amakatcha question tag, kamaumbidwa mwatsopano pa chiganizo chilichonse, ndipo zoumbira zake zonse zimakhala m'chiganizo momwemo. Mutuwu umayamba ku pulayimale ndipo umabwerabwera m'mafunso osankha yankho kuyambira Sitandade 8 mpaka Fomu 4. Popeza satifiketi ya MSCE situluka munthu akalephera Chingerezi, malikisi otola ngati awa si otaya.

Zomwe zili m'kafunsoka

Taonani chiganizo ichi: "The bus has left, hasn't it?" Pambuyo pa mawu enieniwo pabwera mpatuliro, kenako mneni wothandizira, kenako mlowam'malo, pomaliza chizindikiro cha funso. Kafunsoko kamayamba ndi chilembo chaching'ono chifukwa chiganizo chikadapitirira. Kachizindikiro ka m'mwamba ka mu "hasn't" kamakhala pakati pa n ndi t, pomwe pachoka o wa "not". Kulemba "has'nt" kapena "is'nt" ndi kulakwitsa, ndipo kumapezeka m'makope ambiri.

Lamulo lalikulu ndi lotembenuza. Chiganizo chikakhala chovomereza, kafunso kamakhala kokana: "She is a nurse, isn't she?" Chiganizo chikakhala chokana, kafunso kamakhala kovomereza: "She isn't a nurse, is she?" Kukana kumakhala mbali imodzi basi. Lamuloli aliyense amalidziwa, ndipo si pamene anthu amagwera. Amagwera pa mneni.

Kupeza mneni wothandizira

Aneni omwe angalowe m'kafunso alipo 24 okha: am, is, are, was, were, have, has, had, do, does, did, shall, should, will, would, can, could, may, might, must, ought, need, dare ndi used. Mneni wina aliyense, monga go, sell kapena cook, salowamo. Palibe "goesn't he?" Choncho ntchito yoyamba, musanaganize n'komwe za kukana kapena kuvomereza, ndi kufufuza mmodzi mwa aneni amenewa m'chiganizomo n'kumudula mzere pansi. Mukamupeza, ndi yemweyo amabwerera kumapeto, mosasintha nthawi yake.

"They were at the stadium, weren't they?"
"You can ride a bicycle, can't you?"
"The shops will open at eight, won't they?"

Aneni othandizira akandandana awiri kapena atatu, tengani woyamba yekha. Mu "The road has been repaired" muli has ndi been, koma kafunso ndi "hasn't it?" Mu "You should have told me" woyamba ndi should, ndiye "shouldn't you?" osati "haven't you?" Diso limakonda kugwira mneni womaliza chifukwa ndi amene ali pafupi ndi mpatuliro. Bwererani kumayambiriro.

Nanga ngati palibe mneni wothandizira wooneka? Apa ndi pomwe do, does ndi did amagwira ntchito. Mneni wa nthawi yatsopano wokhala ndi s kumapeto amaitana does: "Your aunt sells bananas at the market, doesn't she?" Wopanda s amaitana do: "You live in Chibavi, don't you?" Wa nthawi yakale amaitana did, kaya mwininkhani ndi mmodzi kaya ambiri: "It rained in Luwinga last night, didn't it?"

Pali msampha womwe okonza mayeso amaukonda. Aneni monga cut, put, shut, hit, cost ndi read amalembedwa chimodzimodzi pa nthawi yatsopano ndi yakale. Mukaona "He cut the grass", yang'anani s. Chikhala kuti ndi nthawi yatsopano, bwenzi atalemba "He cuts". Kusowa kwa s kukukuuzani kuti zinachitika kale, ndiye kafunso ndi "didn't he?" Momwemonso "She read the letter, didn't she?" ndi "The bag cost a lot, didn't it?"

Kufupikitsa kwa "not" nthawi zambiri n'kongophatikiza n't, koma atatu amasintha thupi: will not amakhala won't, shall not amakhala shan't, cannot amakhala can't. Wachinayi ndi am. Chingerezi chovomerezeka pa mayeso chilibe "amn't", ngakhale kuti ku Scotland ndi ku Ireland anthu ena amatero. Mumati, "I am late, aren't I?" Koma chiganizo chikakhala chokana, am amabwerera bwinobwino: "I am not late, am I?" Ofuna kulankhula mwaulemu wa m'khoti kapena pa msonkhano waukulu akhoza kusiya kufupikitsa, koma akumbuke kuti "not" amapita kumapeto: "am I not?", "is he not?" Kunena kuti "is not he?" n'kulakwa.

Mlowam'malo

M'kafunso simulowa dzina. "The driver is tired, isn't the driver?" si Chingerezi. Dzina limasanduka I, you, he, she, it, we kapena they, ndipo kwa ife pali zovuta ziwiri zochokera kunyumba.

Choyamba, Chichewa ndi Chitumbuka sizisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo. "Iye wapita" angakhale mchimwene, angakhale mchemwali. Ndiye polankhula mofulumira munthu amati, "My sister passed, didn't he?" osazindikira. Mankhwala ake ndi kuima kamphindi pa dzinalo n'kudzifunsa kuti ndi he kapena she kafunso kasanatuluke. Chachiwiri ndi ulemu. Ife timati "amayi apita", "aphunzitsi afika", ngati ndi ambiri pomwe ndi munthu mmodzi. Chingerezi sichichulukitsa munthu pomulemekeza. "Mother has gone to church, hasn't she?" ndi "The head teacher is in the office, isn't he?" mulibe mwano. Kuika "haven't they?" pofuna kulemekeza mayi kumangosokoneza womva, amayamba kufunsa kuti enawo ndi ndani.

Mwininkhani akakhala wautali, funani mutu wake. Mu "The price of tomatoes has gone up" chomwe chakwera ndi mtengo, osati tomato, ndiye "hasn't it?" Mu "The boys in that class are clever" mutu ndi boys, ndiye "aren't they?" Mneni amakuthandizani: has akusonyeza chimodzi, are akusonyeza zambiri. Maina monga news, furniture, luggage, information ndi maize amatenga it: "The news is good, isn't it?" Police, people, cattle, trousers ndi scissors amatenga they.

This ndi that amasanduka it, these ndi those amasanduka they. There amabwerera yekha: "There is a bank near the roundabout, isn't there?" Everybody, everyone, somebody, someone, nobody ndi no one amatenga they, ndipo mneni wa m'kafunso amasintha kuti agwirizane ndi they ngakhale wa m'chiganizo ali wa mmodzi: "Everyone is here, aren't they?" ndi "Somebody has taken my pen, haven't they?" Everything, something ndi nothing amatenga it.

Kukana kobisika

Apa m'pofunika kukhalitsapo, chifukwa ophunzira anzeru omwe amagwa pomwepa. Chiganizo chikhoza kukhala chokana popanda "not". Mawu awa amakana okha: never, no, nobody, no one, nothing, none, neither, nowhere. Enanso amakana mochenjera, kutanthauza kuti chinthu chimachitika pang'ono kwambiri moti chili ngati sichichitika: hardly, scarcely, barely, seldom, rarely. Onsewa amafuna kafunso kovomereza.

"He never comes early, does he?"
"Nobody phoned, did they?"
"Nothing was stolen, was it?"
"She can hardly walk, can she?"
"We seldom see the sun in this weather, do we?"

Hardly amasocheretsa ambiri chifukwa amafanana ndi hard. "He works hard" ndi munthu wolimbikira, kafunso kake "doesn't he?" "He hardly works" ndi mlesi, kafunso kake "does he?"

Few ndi little alinso m'gulu lomweli, koma kachilembo kamodzi kamatembenuza zonse. "Few people came" akudandaula kuti anthu sanabwere mokwanira, ndiye ndi chokana: "did they?" "A few people came" akuti analipo ndithu angapo, ndiye ndi chovomereza: "didn't they?" Momwemonso "There is little water in the tank, is there?" koma "There is a little water in the tank, isn't there?" Musanayankhe, yang'anani ngati a alipo.

Mbali inayi, pali mawu omveka okana m'tanthauzo koma omwe galamala siwawerengera ngati okana: unhappy, impossible, dislike, refuse, fail. "He failed the test" ndi nkhani yoipa koma chiganizo chake ndi chovomereza, ndiye "didn't he?" Chimodzimodzi "It is impossible, isn't it?" Chomwe chikuyesedwa ndi kapangidwe ka chiganizo, osati kukoma kapena kuwawa kwa uthenga.

Zofupikitsa za nkhope ziwiri

Kalembedwe ka 's kangaimire is kapena has. Ka 'd kangaimire had kapena would. Chosiyanitsa ndi liwu lotsatira. "He's coming" ndi is, chifukwa patsogolo pali mneni wothera ndi ing: "isn't he?" "He's gone home" ndi has: "hasn't he?" "She's got a car" ndi has. Pa 'd, mneni wosasinthidwa akatsatira ndi would: "You'd like some tea, wouldn't you?" Mneni wa mtundu wa eaten, seen kapena finished akatsatira ndi had: "They'd finished, hadn't they?" Awiri awa ingowalowezani: 'd better ndi had, 'd rather ndi would. "You'd better go, hadn't you?" "You'd rather stay, wouldn't you?"

Have ali ndi ntchito zingapo. Akamathandizira mneni wina, amabwerera yekha: "You have eaten, haven't you?" Akamatanthauza kudya, kumwa kapena kuchita chinthu, ndi mneni wamba ndipo amafuna do: "You had breakfast, didn't you?" Have to, wokakamiza uja, amafunanso do: "We have to pay today, don't we?" Akamatanthauza kukhala ndi chinthu, njira zonse ziwiri zimamveka. A ku Britain akhoza kunena kuti "You have a car, haven't you?" pomwe a ku America amati "don't you?" Musatsutsane ndi mnzanu pa chimenechi.

Otsalawo n'ngachidule. Used to, ngakhale ali pa mndandanda wa aneni 24 uja, amatenga did: "You used to live in Katoto, didn't you?" Must amatenga mustn't. Ought to amatenga oughtn't, ngakhale polankhula ambiri amati shouldn't. Need akakhala mneni wamba amafuna do, monga mu "You need money, don't you?", koma "You needn't come" amatenga "need you?" "Mayn't" alipo m'mabuku akale koma masiku ano samveka pakamwa pa anthu.

Kulamula ndi kupempha

Chiganizo cholamula chilibe mwininkhani wooneka, koma wolamulidwa ndi you. Kafunso kake nthawi zambiri ndi "will you?": "Close the door, will you?" Would you, can you ndi could you amagwiranso, ndipo would ndi could amafewetsa lamulolo. Poitanira mlendo chabwino mumati "won't you?": "Have a seat, won't you?" Lamulo loletsa limatenga "will you?" basi: "Don't be late, will you?"

Let's amatenga "shall we?" chifukwa wolankhula ndi womva onse ali momwemo: "Let's go to Nkhata Bay on Saturday, shall we?" Koma "Let him go" ndi pempho kwa munthu wina kuti alole, ndiye "will you?"

Pali kapemphedwe kena kofatsa komwe ambiri sakadziwa, chiganizo chokana chotsatidwa ndi kafunso kovomereza: "You couldn't lend me your umbrella, could you?" Kamafanana ndi mmene ife timanenera kuti "simungandibwerekeko ambulera?" Kamampatsa mnzanu mpata wokana popanda manyazi.

Chiganizo cha nthambi ziwiri

Kafunso kamatsata nthambi yoima payokha. Mu "The man who sold us the potatoes is your uncle" mneni wamkulu ndi is, osati sold, ndiye "isn't he?" Mu "If it rains, we won't go" nthambi yoima payokha ndi yachiwiriyo: "will we?" Nthambi ziwiri zofanana mphamvu zikalumikizidwa ndi and kapena but, tsatani yomaliza: "He came late but he didn't apologise, did he?"

Lamuloli limapatuka pa I think, I suppose ndi I believe. Munthu sangafunse mnzake ngati iye mwini akuganiza, ndiye kafunso kamalumpha n'kukagwira nthambi yachiwiri: "I think the shop is closed, isn't it?" Kukana kukakhala pa think, kumawerengedwa ngati kwa nthambi yachiwiriyo: "I don't think she will come, will she?" Woganizayo akakhala wina, lamulo lakale limabwerera: "He thinks the shop is closed, doesn't he?"

Kukweza ndi kutsitsa mawu

Pa pepala timafunso tonse timaoneka mofanana, koma pakamwa tili pawiri. M'mawa wa mu Juni, chifunga chitakuta Mzuzu, aliyense atavala juzi, munthu akati "It's cold today, isn't it?" sakufunsa kanthu. Akudziwa kuti kukuzizira, akungofuna kuti muvomerezane naye n'kuyamba kucheza. Mawu amatsika pa kafunsoko. Koma mlendo ataima pakhomo la minibasi n'kunena kuti "This one goes to Ekwendeni, doesn't it?" akukayika zenizeni, ndipo mawu amakwera ngati funso lina lililonse. Ameneyu muyankheni momveka asanakwere yolakwika.

Mudzamvanso nthawi zina kafunso kosatembenuza: "So you are the new teacher, are you?" Si kulakwitsa. Wolankhulayo wangomva kumene nkhaniyo ndipo akusonyeza chidwi, kudabwa, nthawi zina kunyoza, malinga ndi mmene mawu atulukira. N'chifukwa chake ndi bwino kusamala nako pamaso pa akuluakulu. Pa mayeso tsatani lamulo lotembenuza.

Kuyankha

Gawo ili ndi lofunika kuposa onse, chifukwa kulakwitsa kwake kumasintha uthenga. Ife tikafunsidwa kuti "Sunadye, eti?" timayankha kuti "Eya, sindinadye." Eya wathu amavomereza mawu a wofunsa. Chingerezi sichiyang'ana wofunsa, chimayang'ana chomwe chachitika. Ngati chinthu chachitika, yankho ndi yes. Ngati sichinachitike, yankho ndi no, kaya funso linabwera mokana kaya movomereza.

Tiyerekeze dokotala wochokera kunja akufunsa wodwala kuti, "You haven't taken any medicine today, have you?" Wodwalayo sanamwe mankhwala aliwonse, ndiye pofuna kuvomereza akuti "Yes." Dokotala amva kuti mankhwala amwedwa, ndipo ayamba kufunsa kuti ndi mankhwala anji, kapena achedwetsa omwe amafuna kupereka. Yankho loyenera linali "No, I haven't." Akanakhala kuti anamwa, likanakhala "Yes, I have."

Njira yodzitetezera ndi kusasiya yes kapena no payekha. Onjezani mlowam'malo ndi mneni, ndipo onetsetsani kuti mbali ziwirizo zikugwirizana: yes amayenda ndi "I have", "she did", "it is", pomwe no amayenda ndi "I haven't", "she didn't", "it isn't". "Yes, I haven't" ndi "No, I have" kulibe. Poyeserera, yambani mumtima ndi mbali yachiwiriyo. Dzifunseni kuti zoona ndi "I have" kapena "I haven't", kenako yes kapena no adzitsatira yekha.

Poyeserera ndi polemba mayeso

Pa funso losankha yankho, phimbani mayankho ndi dzanja kaye. Dulani mzere pansi pa mneni wothandizira woyamba, kapena lembani do, does kapena did pamwamba pa mneni wamba. Werenganinso chiganizocho mukusaka never, hardly, few ndi anzawo, n'kuika kachizindikiro kophatikiza kapena kochotsera m'mphepete. Lembani mlowam'malo. Mukatero chotsani dzanja n'kufuna yankho lofanana ndi lomwe mwapanga. Okonza mayeso amaika dala mayankho omveka bwino kukhutu, ndipo "isn't it?" amakonda kukhalapo. Mukayamba ndi kuwerenga mayankho, khutu limasankha diso lisanagwire ntchito.

Kunyumba, tengani tsamba la The Nation kapena The Daily Times, sankhani ziganizo khumi zazifupi n'kuika kafunso pa chilichonse. Ziganizo za m'nyuzi n'zabwino chifukwa zimakhala ndi eninkhani aatali ndi aneni ondandana, zomwe mabuku a sukulu amazipewa. Kenako khalani awiriawiri: wina anene chiganizo ndi kafunso kake, mnzake ayankhe zoona zokhazokha ndi yankho lathunthu. Wofunsayo achulutse mafunso okana okhudza zinthu zomwe nonse mukuzidziwa, monga "Mzuzu isn't in the Southern Region, is it?" kapena "You didn't walk to Rumphi this morning, did you?" Woyankha akati "Yes" pomwe amafuna kunena kuti "No, it isn't", mubwerezereni funso lomwelo mpaka yankho lizituluka lokha, kenako musinthane.